Mowa wosanunkha: zomwe zili mkati mwa tizitini tokongola tija

Mwezi wa Okutobala chaka chatha tinali pa chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga kufupi ndi pa Ngabu. Amene anakhalako kuchigwa kuno nyengo imeneyo akulidziwa dzuwa lake. Pofika 10 koloko m'mawa nthaka imakhala ikuwotcha kumapazi, ndipo mphepo ikamawomba imakhala ngati yachokera pa uvuni wa njerwa. Mphwanga wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera ndi bokosi la ayezi lodzaza ndi zakumwa. Pakati pa mabotolo a Fanta panali tizitini tatitali, toonda, toyera mbee, tojambulidwa mandimu ndi mango. Azakhali athu, mayi wa Mvano amene sanalawepo mowa chibadwire, anatola kamodzi, n'kutsegula, n'kumwa pafupifupi theka. Mnyamata uja atawaona anathamanga.

"Azakhali, pepani, umenewo ndi mowa!"

Iwo anachiyang'ana chitinicho, n'kuchinunkhiza, kenako anati, "Mwanangu, mowa wake uti wosanunkha?"

Funso lawolo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe izi, chifukwa yankho lake ndi lalitali, ndipo likutikhudza ife a kuchigwa kuposa mmene tingaganizire.

Zakumwa zimenezi amalonda amaziika m'gulu limene amalitcha RTD, kutanthauza mowa umene wasakanizidwa kale kufakitale moti wogula amangotsegula n'kumwa. Kale munthu akafuna jini wosakaniza ndi chakumwa chozizira ankagula zinthu ziwiri, n'kudzithirira yekha m'tambula. Lero zonsezo zimabwera m'chitini chimodzi. M'gululi muli zinthu zosiyanasiyana. Muli zimene maziko ake ndi mowa wotcheza monga vodika, jini kapena wisiki. Muli zimene maziko ake ndi mowa wa chimera cha balere umene auchotsa mtundu ndi kuwawa. Ena amawerengeramonso ma cider opangidwa ndi maapozi, monga Savanna ndi Hunter's a ku South Africa amene tawazolowera m'mabotolo sitolo a pa Nchalo ndi pa Bangula. Ndiye pali chimene anamwa azakhali chija, chotchedwa hard seltzer.

Mawu akuti seltzer anachokera ku Selters, dera la ku Germany limene lili ndi akasupe a madzi otuluka ndi thovu lake lachibadwidwe. Kwa Amereka mawuwa amatanthauza madzi aliwonse okhala ndi mpweya wolasa kukhosi ngati wa m'zakumwa zoziziritsa kukhosi. Akawonjezera kuti hard, ndiye kuti muli mowa. Choncho chakumwachi ndi madzi a mpweya, mowa, ndi kafungo ka chipatso. Basi.

Apa pali vuto la chinenero chathu limene tiyenera kuliwongola tisanapite patali. Ife timati "mowa" potchula chakumwa chonse, kaya ndi masese, kachasu, uchema kapena Carlsberg. Koma chimene chimaledzeretsa m'zakumwa zonsezi ndi chinthu chimodzi chokha, dzina lake ethanol. Masese ndi phala lokhala ndi ethanol pang'ono. Kachasu ndi madzi okhala ndi ethanol wambiri. Fungo, mtundu, kuwawa ndi kulemera kwa chakumwa zimachokera ku zinthu zina zimene zimatsagana naye. Mukazichotsa zinthu zinazo, ethanol amatsala, ndipo ntchito yake m'magazi siisintha ngakhale pang'ono.

Kapangidwe ka hard seltzer kamayamba mofanana kwambiri ndi mmene amayambira mayi wotcheza kachasu kumudzi. Iye amatenga madzi, shuga, madeya, nthawi zina masawu, n'kuzivundikira mumtsuko kapena mumgolo masiku angapo mpaka ziwire. Chimene chimawiritsa ndi yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga n'kutulutsa zinthu ziwiri: ethanol ndi mpweya wa carbon dioxide. Pa magalamu 180 a shuga wa glucose pamatuluka magalamu pafupifupi 92 a ethanol ndi 88 a mpweyawo, zinthu zikayenda bwinobwino. Kufakitale nako amasungunula shuga wa nzimbe m'madzi oyera n'kuthiramo yisiti. Koma poti shuga yekha alibe chakudya chokwanira tizamoyo tija, amawonjezeramo michere ina, makamaka ya nitrogen. Ntchito imeneyi kumudzi imagwiridwa ndi madeya ndi zipatso, ngakhale mwini wake sangaifotokoze motero.

Njira zimasiyana zikatha kuwira. Mayi uja amaika mtsuko pamoto, nthunzi n'kudutsa mupaipi yoziziritsidwa ndi madzi, n'kumadontha m'botolo. Kumeneko ndiye kutcheza, ndipo kumasonkhanitsa ethanol kuti akhale waukali. A fakitale ya seltzer ambiri satcheza. Amasiya yisiti adye shuga yense mpaka atheretu, kenako amasefa madziwo kangapo, kuphatikizapo kuwadutsitsa m'makala okonzedwa mwapadera amene amayamwa fungo ndi mtundu. Chotsala chimakhala choyera ngati madzi a pamjigo, chopanda fungo la mowa, koma ethanol ali momwemo. Amachisungunula ndi madzi ena kufikira mphamvu itsike pa 4 kapena 5 peresenti, amathiramo kafungo ka mandimu, mango kapena chipatso china, amapoperamo mpweya, n'kutseka m'chitini. Yankho la funso la azakhali ndi limenelo: fungo linatsala m'makala.

Nkhani imeneyi imandikhudza ndikamadutsa pa msewu wa M1 pakati pa minda ya nzimbe ya Illovo pa Nchalo, kapena ndikaona alimi a Kasinthula ndi a Phata akutumiza nzimbe zawo kuchigayo. Chimene dziko lolemera likuchiika m'zitini zokongola n'kumachigulitsa pa mtengo wokwera chimamera pakhomo pathu. Ndipo ethanol si mlendo kuno. Kampani ya PressCane, yomwe ili ku Chikwawa konkuno, imapanga ethanol kuchokera ku molasizi, madzi akuda onata amene amatsala shuga akapangidwa, ndipo wambiri amakasakanizidwa ndi petulo. Kampani ina ya Ethco ku Dwangwa inayamba ntchito yomweyo mu 1982. Choncho munthu wa kuno sayenera kuchita mantha kapena kuchita chidwi chopitirira ndi chitini chimenechi ngati kuti ndi mankhwala achilendo. Ndi nzimbe, yisiti ndi madzi.

Nanga n'chifukwa chiyani aku America anasankha kuwiritsa shuga m'malo mongothira vodika m'madzi? Chifukwa chachikulu ndi msonkho. Malamulo a dziko lawo amati chakumwa chowiritsidwa kuchokera ku chimera, kapena ku cholowa m'malo mwa chimera monga shuga, chiwerengedwe ngati mowa wamba wa m'mabotolo. Msonkho wa boma lalikulu pa mowa wotere umafika madola 18 pa mgolo wa magaloni 31, kutanthauza masenti pafupifupi 5 pa chitini. Chitini chomwecho, cha mphamvu yomweyo, chikapangidwa ndi mowa wotcheza, msonkho wake umayandikira masenti 13. Kuwonjezera apo, m'zigawo zambiri za dzikolo mowa wamba umaloledwa kugulitsidwa m'magolosale, pamene wotcheza umafuna sitolo yakeyake. Kapangidwe ka chakumwachi kanabadwa m'buku la malamulo a msonkho, osati kukhitchini. Kumayiko kumene msonkho uli wosiyana, makampani ena amangothira mowa wotcheza m'madzi a mpweya n'kulemba dzina lomwelo pachitini.

Mbiri yake si yaitali. M'chaka cha 1993 ku Australia kunatuluka Two Dogs, chakumwa cha mandimu chokhala ndi mowa, ndipo chaka chomwecho kampani ya Coors ku America inayamba kugulitsa Zima. Ku Britain kunabwera Hooch mu 1995, kenako Smirnoff Ice mu 1999. Zimenezi zinali zotsekemera kwambiri. Ku Japan anali atayamba kale, mu 1984, kuika m'zitini chakumwa chawo chotchedwa chuhai. Hard seltzer wa masiku ano anayamba mu 2013, pamene Nick Shields wa ku Connecticut anatulutsa SpikedSeltzer. Mu 2016 kampani yaikulu ya Anheuser-Busch inagula malonda akewo, ndipo chaka chomwecho kunabadwa mayina awiri amene anadzalamulira msika: White Claw ya kampani ya Mark Anthony, ndi Truly ya Boston Beer. Pofika 2019 anthu ankagula White Claw mpaka inasowa m'masitolo. Ngakhale kampani ya Coca-Cola, imene tonse timaidziwa ndi zakumwa za ana, inalowa nawo: mu 2018 inatulutsa Lemon-Dou ku Japan, ndipo mu 2022 inagwirizana ndi eni wisiki wa Jack Daniel's kuti azigulitsa zakumwa ziwirizo zosakaniza kale m'chitini chimodzi. Kuyambira 2021 malonda a seltzer wa shuga anayamba kuzizira ku America, koma anthu sanasiye zitini. Ambiri anangosamukira ku zija za vodika ndi tekila.

Chimene chinakopa anthu ndi nambala imodzi yolembedwa mwa zilembo zikuluzikulu: makalori 100, omwe ndi mlingo wa mphamvu imene chakudya kapena chakumwa chimapereka ku thupi. Achinyamata amene amasamala za kunenepa, ndi amene safuna mimba ya mowa, anaona ngati apeza chakumwa chosavulaza. Pano ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa masamu ake ndi osavuta koma amaulula zambiri.

Chitini cha ku America chimakhala cha mamililita 355. Pa 5 peresenti, ethanol amene alimo ndi mamililita pafupifupi 18, omwe kulemera kwake ndi magalamu 14. Galamu iliyonse ya ethanol imapereka makalori 7. Mukachulukitsa mupeza 98. Ndiye kuti pa makalori 100 aja, pafupifupi onse ndi a ethanol yekhayekha. Chimene anachotsa ndi shuga ndi zotsalira za chimera. Chimene chimawononga chiwindi, kukweza BP ndi kusokoneza bongo sanachikhudze n'komwe. N'zoona kuti munthu amamwa shuga wochepa kusiyana ndi amene ali mu cider wotsekemera, ndipo sindikutsutsa kuti kumeneko ndi kusiyana kwenikweni. Koma botolo la mowa wamba wa 5 peresenti ndi chitini cha seltzer cha 5 peresenti, zikakhala zofanana kukula, zimaledzeretsa chimodzimodzi.

Aliyense angathe kuwerenga chitini yekha. Pezani manambala awiri: kukula kwake m'mamililita, ndi peresenti imene imalembedwa pafupi ndi mawu akuti alc kapena vol, kawirikawiri mwa tizilembo ting'onoting'ono. Chulukitsani ziwirizo n'kugawa ndi 100. Chitini cha mamililita 330 cha 5 peresenti chili ndi mamililita 16.5 a ethanol. Toti imodzi ya jini ya mamililita 25, pa mphamvu ya 40 peresenti, ili ndi mamililita 10. Choncho kachitini kamodzi kaja kamaposa toti imodzi ndi theka. Munthu amene wamaliza paketi ya zitini 6 pa masana amodzi wamwa ethanol wofanana ndi amene ali m'botolo la jini la mamililita 250. Ndikanati ndimuuze mtsikana wa ku koleji kuti amalize botolo la jini limenelo yekha, angakane n'kundiona ngati wamisala. Koma zitini 6 za fungo la mango, pa phwando, dzuwa likuswa mtengo, amatha osazindikira.

Ndipo si zitini zonse zimene zimaima pa 5. Zina ndi za 6, zina 8, ndipo zosakaniza ndi mowa wotcheza zimatha kupitirira 10. Ku Japan kuli Strong Zero ya 9 peresenti imene imagulitsidwanso m'zitini za mamililita 500. Chitini chimodzi choterocho chili ndi mamililita 45 a ethanol, pafupifupi katatu ka chitini chaching'ono chija. Maonekedwe akunja sakuuzani zimenezi. Mandimu ojambulidwawo ndi omwewo.

Tsopano tibwere ku kutentha kwathu. Kuchigwa kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wodula nzimbe, wa kabaza, kapena mayi wogulitsa nsomba pamsika amataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo madzulo khosi limakhala louma gwa. Chakumwa chozizira, chopepuka, chosawawa, chimatsika ngati madzi. Masese amakhutitsa, munthu amafika poti mimba yadzaza. Kachasu amawotcha kukhosi, thupi limachenjeza lokha. Mowa wa m'mabotolo uli ndi kuwawa kumene kumachedwetsa munthu, makamaka wongoyamba kumene. Zonsezi ndi zotchinga zimene chakumwa chatsopanochi chinachotsa dala. Chiwindi chokha ndi chimene sichinasinthe liwiro. Chimasungunula magalamu osapitirira pafupifupi 10 a ethanol pa ola, choncho chitini chimodzi cha mamililita 330, chokhala ndi magalamu 13 a ethanol, chimafuna nthawi yoposa ola lathunthu. Womwa zitini zitatu m'ola limodzi wadzikundikira ngongole imene thupi lidzabweze kwa maola angapo. Palinso umboni woti pa anthu ambiri mpweya wa m'chakumwa umafulumizitsa ethanol kulowa m'magazi, makamaka m'mimba mukakhala mopanda chakudya.

Choipa china n'chakuti ethanol sathetsa ludzu. Amatsekereza homoni imene imauza impso kuti zisunge madzi, motero munthu amataya madzi ambiri pokodza. Amene wayamba kumwa ali wouma kale ndi dzuwa amaumiratu, ndipo mutu wa matsire m'mawa mwake umakhala woopsa. Dzina lakuti seltzer limachititsa munthu kuganiza kuti akumwa madzi. Madzi alimodi, koma abwera ndi chowatulutsa. Amene wasankha kumwa ayambe wathetsa ludzu ndi madzi enieni, adye nsima, ndipo asakwere njinga yamoto, asayendetse galimoto pa zikhotakhota za ku Thabwa, kapena kupalasa bwato pa Shire usiku umenewo.

Pali mtundu wina wa zitini umene ndimauopa kwambiri, wosakaniza mowa ndi caffeine, chinthu chothawitsa tulo chimene chimapezeka mu khofi. Caffeine amabisa tulo ndi kufooka zimene zikanamuuza munthu kuti wakwana, koma kuledzera kumakhala kukupitirira mkati. Ku America, achinyamata angapo atagonekedwa m'zipatala, bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala la FDA linachenjeza makampani opanga zakumwa zoterezi mu Novembala 2010, ndipo eni Four Loko anachotsa caffeine m'chakumwa chawo. Anyamata athu amene amathira jini m'zakumwa zopatsa mphamvu amadzipangira okha chinthu chomwecho.

Ndinene chilungamo pa mbali inayi. Chitini chochokera kufakitale yovomerezeka chili ndi ubwino umene kachasu wa m'chigubu alibe: mphamvu yake ndi yodziwika, yalembedwa, ndipo sisintha kuchoka pa chitini ichi kupita pa icho. Chimabwera chotseka, palibe amene wathiramo zina. Kachasu mphamvu yake imadalira amene watcheza ndiponso ngati mwapatsidwa wa kumutu kapena wa kumapeto, ndipo tamvapo za anthu amene ataya miyoyo atamwa mowa wosadziwika kumene wachokera. Munthu wamkulu amene amamwa mwa apo ndi apo, n'kusankha chitini chimodzi cha 5 peresenti m'malo mwa kabotolo ka mowa waukali, wachepetsa ngozi ina. Izi sindingazibise. Koma kuchepa kwa ngozi kumeneko kumagwira ntchito pokhapokha ngati chitini chalowa m'malo mwa chinthu choopsa kwambiri. Ngati chakopa munthu amene sakanamwa n'komwe, nkhani yatembenuka.

Ndipo kukopa anthu atsopano ndi kumene makampani amafuna. Taonani mitundu ya zitinizo, zipatso zojambulidwazo, zithunzi za pa Facebook ndi TikTok za atsikana oseka m'mbali mwa nyanja. Sakulankhula ndi chidakwa cha pa shabini. Akulankhula ndi mtsikana amene amanyansidwa ndi fungo la mowa, ndi mnyamata wa Fomu 4 amene kuwawa kunkamubweza. Mayiko ena anaziona msanga. Germany inaika msonkho wapadera pa zakumwa zotsekemerazi mu 2004, ndipo Australia inakweza msonkho wake ndi 70 peresenti mu 2008, onse pofuna kuteteza achinyamata. Ena mwa omwa anangosamukira ku mitundu ina ya mowa, zomwe zikusonyeza kuti kulimbana ndi chakumwa chimodzi chokha sikukwanira.

Ife phunziro limenelo tinaliphunzira ndi masacheti. Tonse tikukumbukira mmene timapaketi tija tinkalowera m'matumba a yunifolomu za ana asukulu, tina tonunkhira zipatso, pa mtengo woti mwana akanatha kugula ndi ndalama ya mandasi. Boma linaletsa mu 2015, ndipo posakhalitsa mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki timene anthu amati midoli. Kusiyana kwa lero n'kwakuti zitini ndi zodula. Zambiri zimachokera kunja, zimalipira msonkho pachipata, ndipo kwacha ikagwa mtengo umakwera. Pakadali pano mtengowo ndi umene ukutchinga mwana wa ku Makhanga kapena ku Chapananga. Koma shuga tili naye, ethanol tili naye, ndipo njira yopangira ndi yosavuta. Tsiku limene wina adzayambe kupanga chakumwa chotere konkuno pa mtengo wotsika, chotchingacho chidzagwa. Lamulo lathu limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo dziko linakhazikitsa ndondomeko yake ya za mowa mu 2017. Koma wa pagolosale amene waika zitini za mowa m'firiji imodzi ndi zakumwa za ana, mwina iye mwini osadziwa kusiyanitsa, lamulo limenelo alisunga bwanji? Ndikanakonda a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndi makhonsolo athu a Chikwawa ndi Nsanje akanaumirira kuti mawu oti muli mowa alembedwe mwa zilembo zazikulu, m'Chichewa, kutsogolo kwa chitini, ndipo m'sitolo zikhale pa shelefu yakeyake.

Za thanzi ndinene mwachidule, poti n'zimodzimodzi ndi za mowa wina uliwonse. Bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988, ndipo mu Januwale 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thanzi. Lipoti lake la 2024 linati mowa unachititsa imfa za anthu 2.6 miliyoni padziko lonse m'chaka cha 2019. Mayi woyembekezera asakhudze chitini chimenechi, ngakhale chitalembedwa kuti n'chopepuka, chifukwa ethanol amafika kwa mwana m'mimba. Wodwala matenda a shuga asanyengeke ndi mawu akuti mulibe shuga, poti ethanol payekha angathe kugwetsa shuga wa m'magazi moopsa kwa amene akumwa mankhwala kapena kubaya insulini.

Azakhali aja tsiku limenelo anakhala phee pamkeka pansi pa mtengo wa bwemba, mutu ukuwazungulira pang'ono, ndipo chimene chinawawawa kwambiri si chizungulirecho koma kuti analawa chinthu chimene anachikana moyo wawo wonse. Mphwanga uja anagwada n'kupepesa, iwo anamukhululukira. Madzulo ake anandiitana.

"Bambo, tandionetsani pamene alemba."

Ndinawalozera tizilembo tija m'munsi mwa chitini, pafupi ndi nambala 5. Anatenga magalasi awo, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Pa ukwati umene unatsatira mu Disembala, iwo ndi amene anaima pa khomo la khitchini n'kulamula kuti mabokosi a ayezi akhale awiri, la ana likhale pakhonde, linalo lipite kuseri kwa nyumba kumene kunakhala akuluakulu, ndipo chitini chilichonse chisanalowe m'bokosi la pakhonde ankachitembenuza okha n'kuchiwerenga.